Laputopu sikuona Wi-Fi ya m'nyumba koma mafoni onse akulowa

MayiWaAwiri
Abale thandizeni. Laputopu yanga yasiya kulowa pa Wi-Fi ya m'nyumba chithimireni magetsi usiku uja. Mafoni onse akulowa, ngakhale TV ikulowa, koma laputopu yokha ayi. Ndili ndi lipoti lofunika ku ntchito Lachisanu, ndipo pa foni sindingalembe. Ili ndi Windows 10, ndinagula yogwirapo kale ntchito. Rauta ndi ija yoika simu mkati. Ndazimitsa, ndayatsa, palibe chasintha. Mnyamata wina wokonza makompyuta wati ndipite nayo akaifomate. Ndipite nayo?

Kanyimbi
Osapita nayo.

Chambo_Chouma
Mwaona ngati bandulo ilipo? Zimathatu mwakachetechete zimenezi.

Kanyimbi
Akuti TV ikulowa, achimwene. Muziyamba mwawerenga.

KabazaTech
Mayi, musanapite kulikonse tiuzeni chomwe mukuona ndi maso anu, chifukwa munthu akati "ikukana Wi-Fi" pamakhala mavuto atatu osiyana. Dinani kachizindikiro ka netiweki kumunsi kudzanja lamanja, pafupi ndi wotchi. Dzina la Wi-Fi yanu likuoneka pamndandandawo? Ngati silikuoneka konse, imeneyo ndi nkhani ina. Ngati likuoneka koma mukalemba pasiwedi ikuyankha kuti "Can't connect to this network", ndi nkhani inanso. Ngati ikulowa koma pansi pa dzinalo palembedwa "No internet, secured", ndiye kuti laputopu ndi rauta zagwirana kale dzanja, vuto lili patsogolo. Tiuzeninso ngati mukuona ma Wi-Fi a anthu oyandikana nawo nyumba.

AgogoPaNeti
Mwanawe, yang'ana kaye mabatani a F aja a pamwamba. Pali lina lojambulidwa kandege kapena kamlongoti. Malaputopu akale ena ali ndi kabatani kotsetsereka pambali penipeni. Mdzukulu wanga amagunda paliponse akamaonera makatuni, Wi-Fi yonse n'kuzima osadziwa. Gwira Fn ndi batani limenelo limodzi.

Thobwa_Lozizira
Ine ndikuganiza pasiwedi. Anthu ambiri sadziwa kuti kiyibodi ya ku UK ndi ya ku America zimasinthana zizindikiro zina. Pa ya ku America Shift ndi 2 zimatulutsa @, pa ya ku UK zimatulutsa timitengo tiwiri ta mawu ogwidwa tija. Windows ikasintha chinenero cha kiyibodi, inu mumadina chomwe chajambulidwa pa batani koma chotuluka ndi china, ndiye poti pasiwedi imabisika ndi timadontho simuona. Dinani kadiso kali kumapeto kwa bokosilo muone zomwe mwalembadi.

MayiWaAwiri
Zikomo nonse. A KabazaTech, ndayang'ana. Ma Wi-Fi a anansi akuoneka, alipo angapo ndithu, ina mpaka ya ku shopu ya kuseri kwa mpanda. Yathu yokha ndiyo palibe. Ndiye a Thobwa, pasiwediyo ndilibe ngakhale poilemba. Agogo, kandegeko ndi kozimitsa kale.

Kanyimbi
Ndiye khadi la Wi-Fi ndi lamoyo. Likanapsa ndi magetsi sibwenzi likuona ya ku shopu.

Chambo_Chouma
Mwana wanu wakutsekerani kunja ameneyo. Ana a masiku ano amalowa mu rauta n'kubuloka makolo awo kuti mpira usamadukeduke.

MayiWaAwiri
Wamkulu ali Sitandade 4, bambo. Rauta ya chiyani.

KabazaTech
A Chambo, ngakhale akanabulokedwa dzinalo likanaonekabe. Kubuloka kwa MAC filter kumakana munthu pakhomo, sikubisa khomolo. Chomwe chimabisa dzina ndi Hide SSID, koma laputopu yomwe inalowapo kale nthawi zambiri sitaya netiweki choncho usiku umodzi popanda wina kukhudza rauta.

Mayi, chitani izi ziwiri. Choyamba, yatsani hotspot pa foni yanu muone ngati laputopu ilowa. Ikalowa, lipoti lanu latheka kale, zotsalazo tizichita mtima uli m'malo. Chachiwiri, nyamulani laputopu mukaime nayo pafupi ndi rauta penipeni. Khoma la njerwa zootcha limadya siginolo kwambiri, ndipo foni nthawi zina imagwira pomwe laputopu yakale yagonja.

WaKuJoni
Ndiwonjezereko pa zozimitsa zija. Mwati mwazimitsa n'kuyatsa, koma mwadina Shut down kapena Restart? Pa Windows 10 si chimodzimodzi. Muli chinthu chotchedwa Fast startup, chomwe chimabwera chili choyatsa kale pa makompyuta ambiri. Mukadina Shut down, Windows siifa yonse, imasunga mbali ina pamodzi ndi ma driver, timapulogalamu toyendetsa zipangizo za mkati ngati khadi la Wi-Fi, pa disiki kuti mawa idzadzuke msanga. Ndiye driver wa Wi-Fi akakhala kuti wasokonezeka, amadzuka ali wosokonezeka yemweyo. Restart ndiyo imayambitsa zonse mwatsopano. Kuno magetsi amatizimiranso, ndipo zimenezi ndaziona pa malaputopu a anzanga ambiri. Rautanso izuleni ku magetsi, dikirani theka la mphindi, kenako bwezerani.

Mlakho
Koma anyamata ofomata awa! Chilichonse fomati. Sipika ikapanda kulira, fomati. Batire ikatha, fomati. Mchemwali wanga anapita ndi laputopu yongovuta mawu, anabwera nayo yoyera mbee, zithunzi za chinkhoswe zonse zitapita, pulojekiti ya ku koleji itapita. Atafunsa anangomuuza kuti "simunanene kuti muli zofunika".

Sipanala_10
Musatiphatikize tonse, mkulu. Ine ndimakonza makompyuta ndipo sindifomata chinthu ndisanakopere mafayilo a mwini wake. Komanso muzimvetsa mbali yathu. Kasitomala amabwera akufuna chinthu chake pa ola limodzi, ndalama yake ndi yochepa, ndipo mukamuuza kuti vuto mwina lili ku rauta yomwe waisiya kunyumba amaona ngati simudziwa ntchito. Ena amasankha kufomata chifukwa ndi njira yomwe kasitomala amaona kuti pachitikadi kanthu.

Mlakho
Ndiye mwavomera nokha.

Sipanala_10
Ndafotokoza, sindinavomereze. Ndipo pa nkhani ya mayiwa kufomata sikungathandize. Ku shopu idzalowa pa Wi-Fi ya pa shopupo, iwo adzalipira akusangalala, akafika kunyumba vuto lili pompo.

MayiWaAwiri
Hotspot ya foni yalowa nthawi yomweyo! Mtima wakhala pansi. Koma data ya pa foni ndi yochepa, sindingakhalire imeneyi. Restart ndachita, a WaKuJoni. Ndakaimanso pafupi ndi rauta mpaka kuigunda. Dzina lathu silikubwerabe. Rauta sindinaizule chifukwa bambo a kunyumba ali pa msonkhano wa pa foni, andipha.

Thobwa_Lozizira
Poti muli pa hotspot, pitani ku Settings, Network & Internet, Wi-Fi, dinani dzina la hotspot yanuyo muyatse Set as metered connection. Apo ayi Windows iyamba kukoka ma update mwakabisira, bandulo yonse ipita musanamalize ndime yoyamba ya lipotilo.

MwanaWaKuDowa
Pepani kulowerera nkhani ya eni. Inenso yanga ikuvuta koma mosiyana. Imalowa, koma imalemba "No internet". Mnzanga anandiuza kuti ndilembe ipconfig ndipo pa IPv4 pakutuluka 169.254 ndi manambala ena. N'chiyani chimenechi?

Chambo_Chouma
Ndi ya ku ofesi? A IT amaika adilesi yokhazikika ndi manja, ukafika nayo kunyumba imakana.

KabazaTech
Zimenezo zimachitikadi a Chambo, koma osati apa. Ikanakhala ndi adilesi yoikidwa ndi manja, ipconfig ikanaonetsa adilesi ya ku ofesiyo. Adilesi yoyamba ndi 169.254 ndi yomwe Windows imadzipatsa yokha ikapempha adilesi kwa rauta koma osayankhidwa. Yochokera kwa rauta ya m'nyumba kawirikawiri imayamba ndi 192.168.

A ku Dowa, yambani ndi kuzula rauta ku magetsi n'kuibwezera. Kenako tsegulani Command Prompt ngati administrator, lembani ipconfig /release, kenako ipconfig /renew. Zikakanika lembani netsh winsock reset, kenako netsh int ip reset, ndipo muchite Restart. Werenganinso anthu omwe ali pa Wi-Fi yanuyo. Timarauta tating'ono ta m'thumba tija tili ndi malire a zipangizo zomwe tingalandire nthawi imodzi, ndipo malirewo amalembedwa m'kabuku kake.

MwanaWaKuDowa
Anthu ndiye alipo ambiri. Pasiwedi ndinapatsa mlamu wanga yekha, koma pano ngakhale mnyamata wogulitsa makala amaima pa geti foni ili m'manja.

Kanyimbi
Mwatsegula intaneti kafe yaulere, bwana.

AgogoPaNeti
Koma kumana mnansi pasiwedi n'kovuta, ana inu. Mawa ndi yemweyo adzakuthandize pa maliro.

Mlakho
Pa maliro adzabwere, agogo, koma mafilimu akaonere kwawo. Mafoni a Android masiku ano amatha kuonetsa pasiwedi ya Wi-Fi ngati QR code, ndiye ukapatsa mmodzi wapatsa mudzi wonse. Ngati rauta yanu ili ndi Guest network, alendo muziwapatsa imeneyo, n'kumaisintha mwezi ukatha. Yanu yeniyeni ikhale ya m'nyumba basi.

NambewePaLilongwe
Tabwererani kwa mayi aja, anthuni, mwawasiya panjira. Ine ndikukayikira 5 GHz. Marauta ambiri atsopano amaulutsa pawiri, pa 2.4 GHz ndi pa 5 GHz. Malaputopu akale ambiri amamva 2.4 yokha. Ngati mbali ya 2.4 yazima mu rautayo, mafoni ndi TV zipitiriza pa 5 osadandaula, koma laputopu iona ngati rauta kulibe. Zikugwirizana ndi zonse zomwe anena. Achemwali, tsegulani Command Prompt mulembe netsh wlan show drivers, mutiuze zomwe zalembedwa pa mzere wa Radio types supported.

MayiWaAwiri
Ndalemba. Pali 802.11b 802.11g 802.11n. Basi.

NambewePaLilongwe
Mwaona. Palibe a, palibe ac, palibe ax. Khadi limenelo ndi la 2.4 yokha.

WaKuJoni
Koma n ija imagwiranso pa 5 GHz, si choncho?

NambewePaLilongwe
Imatha kugwira mbali zonse ziwiri, inde, koma khadi lomwe limamva 5 limaonetsanso 802.11a pamndandandawo. Pakakhala b, g ndi n zokha, ndi la 2.4.

KabazaTech
A Nambewe alondola njira. Tsopano tilowe mu rauta, ndipo tilowera pa foni poti ndiyo ili pa Wi-Fi. Mayi, tembenuzani rauta, pansi kapena kumbuyo pali kapepala komata. Pamenepo pali adilesi, kawirikawiri 192.168.0.1, 192.168.1.1 kapena 192.168.8.1, komanso dzina ndi pasiwedi yolowera. Si pasiwedi ya Wi-Fi ija ayi, iyi ndi ya admin. Lembani adilesiyo mu Chrome pamwamba pomwe mumalemba mawebusayiti. Mukalowa funani polembedwa Wi-Fi kapena WLAN. Musasinthe kanthu kaye, mungotiuza zinthu zitatu: ngati 2.4 GHz ndi yoyatsa, zomwe zili pa Security, ndi zomwe zili pa Channel. Kabowo kolembedwa Reset musakayandikire ndi phini.

Chambo_Chouma
Bwanji osangochita Reset yomweyo zithe?

Sipanala_10
Chifukwa dzina ndi pasiwedi zibwerera za ku fakitale, mafoni onse ndi TV zituluka, ndipo marauta ena amataya ndi APN yomwe, dzina lija lomwe simu imalowera nalo pa intaneti. Mayiwa ayamba ndi chipangizo chimodzi chovuta, inu mukufuna amalize ndi nyumba yonse.

MayiWaAwiri
Ndalowa, ndipo manja akunjenjemera. 2.4 GHz ndi yoyatsa. 5 GHz ndi yoyatsanso, dzina ndi limodzi. Security palembedwa WPA2-PSK. Channel palembedwa Auto, koma pambali pake pali nambala 13.

NambewePaLilongwe
Ndiye 2.4 sinazime. Koma 13 ameneyo!

KabazaTech
Wapezeka. Mayi, laputopuyo anakuuzani kuti inachokera kuti?

MayiWaAwiri
Wogulitsayo anati ndi za ku America, zobwera m'kontena.

KabazaTech
Nkhani yake ili motere. Mbali ya 2.4 GHz inagawidwa m'matchanelo. Ku Ulaya ndi maiko ena ambiri amagwiritsa ntchito 1 mpaka 13, koma ku America zipangizo zimathera pa 11. Makhadi ena a Wi-Fi opangidwira msika wa kumeneko samva 12 ndi 13 konse. Rauta yanu ili pa Auto, kutanthauza kuti ikamayaka imamvetsera kaye kuti anansi ali pati, n'kusankha pomwe pali phokoso lochepa. Masiku onsewa inkagwera pakati pa 1 ndi 11, laputopu n'kumaiona. Magetsi atabwera usiku uja inadzuka n'kusankha 13. Mafoni ndi TV alibe nazo ntchito, amamva 13 kapena ali pa 5 GHz. Laputopu yokha ndiyo yatsala.

Amene munagulako galimoto ya ku Japan mukudziwa za wailesi zake zija zothera pa 90, pomwe mawailesi athu ambiri a FM ali pamwamba pa 90. Wailesiyo ndi yabwinobwino, siteshoni ikuulutsa bwinobwino, koma sizikumana. N'chimodzimodzi apa, kungoti kuno siteshoni ndi yanu, mutha kuisuntha.

Pa Channel chotsanipo Auto muike 1, 6 kapena 11. Atatu amenewa ndi omwe sapondana. Ngati pali Bandwidth ikani 20 MHz. Dinani Save kapena Apply. Wi-Fi izima kamphindi n'kubwerera, ndiye achenjezeni kaye bambo aja.

WaKuJoni
Palinso njira ya mbali ya laputopu. Mu Device Manager, pa Network adapters, dinani khadi la Wi-Fi, Properties, Advanced. Makhadi ena ali ndi Country Region pamenepo, mutha kusankha ya 1 mpaka 13. Ine ndingakonde imeneyi chifukwa mawa akapita nayo kwina komwe rauta ili pa 13 avutikanso.

KabazaTech
Ndi zoona, koma si makhadi onse ali ndi mzere umenewo, ena anakhomeredwa ku fakitale. Komanso munthu amene wangolowa mu rauta koyamba lero sindingamutumize kukasinthasintha za driver usiku lipoti likumudikira. Za rauta ndi kudina kumodzi, ndipo akalakwitsa abwezera Auto.

Sipanala_10
Nonse mukunena zoona, koma ine ndikanagula ka USB Wi-Fi adapter komva mbali zonse ziwiri. N'kakang'ono, kamangokhala pa doko la USB. Laputopu ya 2.4 yokha m'tauni muno imavutika, chifukwa rauta ya nyumba iliyonse, Bluetooth ndi ma microwave zonse zili pomwepo. Pogula muonetsetse kuti palembedwa dual band kapena AC, chifukwa totchipa tambiri ndi ta 2.4 yomweyo.

Mlakho
Mwayamba kutsatsa malonda, a Sipanala.

Sipanala_10
Sindinatchule shopu.

Thobwa_Lozizira
Kwa ena owerenga omwe dzina likuoneka koma ikukana: onani Security ija. WPA3 inabwera mu 2018, ndipo makhadi akale ambiri saidziwa. Rauta ikakhala pa WPA3 yokha, foni yatsopano ilowa koma laputopu yakale ikana ngakhale pasiwedi ili yolondola. Ikani WPA2-PSK ndi AES, kapena yosakaniza WPA2/WPA3 ngati ilipo. Koma musatsike mpaka WEP, chitetezo chakale chosavuta kuthyola, kapena kusiya potsegula chifukwa chofuna kuti ilowe. Mukasintha, pa laputopu chitani Forget pa dzinalo n'kulowanso mwatsopano.

MayiWaAwiri
ZATHEKA! Ndaika 6, ndadina Apply, TV inadandaula pang'ono, kenako dzina lathu latulukira pa laputopu n'kulowa yokha, osafunsa ngakhale pasiwedi. Ambuye akudalitseni a KabazaTech, a Nambewe, nonse. Ndalama ya fomati ija ndigulira ana yogati.

NambewePaLilongwe
Musanatuluke mu rautamo, achemwali, sinthani pasiwedi ya admin ngati ikadali ya pa kapepala ija. Aliyense wolowa pa Wi-Fi yanu atha kuyesa admin admin n'kulowa. Yatsopanoyo ilembeni m'kope, osati m'mutu.

Kanyimbi
Ndipo mukanaizula rauta ija masana, mwina ikanasankha tchanelo china yokha, inu n'kuyamika a WaKuJoni, vuto n'kudzabweranso magetsi akadzathimanso.

WaKuJoni
Ndikanalandira kuyamikako ndi manja awiri.

PenguinWaKuMzuzu
Poti zatheka, ndinene zomwe palibe wanena. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Laputopu ya khadi la b, g, n ndikukayika ngati ingalandire Windows 11, poti imafuna kachipu ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo. Ikanipo Linux Mint m'malo mwa Windows, mayi. Ndi yaulere, ndi yopepuka, ndipo makina akale amapuma nayo bwino.

Mlakho
Nayu wafika. Tinadziwa kuti simungagone osatchula Linux.

Sipanala_10
Munthu wangopulumuka kwa wofomata, inu mukumubwezera komweko. Ndipo makhadi ena a Broadcom pa Linux amafuna driver woti ukoke pa intaneti, intaneti yomwe ulibe chifukwa Wi-Fi sikugwira.

PenguinWaKuMzuzu
Chingwe cha foni chilipo, USB tethering imagwira popanda driver aliyense wapadera. Komanso utha kuiyesa kaye pa fulashi osakhudza Windows.

MayiWaAwiri
Za Linux zidikire lipoti lipite kaye, abale.

MwanaWaKuDowa
Ine ndasintha pasiwedi, ndazula rauta n'kubwezera, pano ipconfig ikuonetsa 192.168.8.101 ndipo intaneti ikuyenda. Koma mlamu waimba kale foni kufunsa ngati netiweki yavuta. A Mlakho, Guest network ija imakhala pati mu karauta ka m'thumba? Ndafufuza pa WLAN sindikuiona.

Mlakho
Si tonse tili nayo. Yang'anani pa Advanced kapena polembedwa Multi SSID. Ikakhala palibe, auzeni alamuwo kuti bandulo ya mwezi uno mugawana pakati.